Mweza Ukafika pa Khola Lachinayi

Ntchito yanga ndi kukwecha ndere.
Ndimamira m'mawa dzuwa lisanakwiye,
burashi m'manja, galasi kumaso,
pansi pa makhola asanu ndi limodzi
omangidwa pa nangula moyang'ana Namalenje.

Mweza sindiumva ndi khutu.
Ndimaumva m'nthiti, m'mphepete mwa kabudula,
mmene umandikankhira pa ukonde
ngati khamu la pa depoti ya Kamuzu Rodi.
Pa khola loyamba umabwera ndi ukali wake wonse,
wozizira, wonunkha kuya,
ukonde nkufufuma ngati mimba ya miyezi isanu ndi itatu.
Pa lachiwiri wayamba kutsimphina.
Pa lachitatu ukupempha njira.
Ukafika pa lachinayi
ndi nkhalamba yofuna pokhala.

Madzi ena salowa n'komwe.
Amaona maso a ukonde atatsekwa ndi ndere,
amakhota, amatsikira pansi,
nathamanga kunsi kwa khola
mothamanga kuposa mmene anabwerera.
Kumeneko ndinatayako chipsepse cha phazi lamanzere
ndipo sindinachionenso.

Koma m'katimo muli mweza wina
umene Mulungu sanalenge.
Chambo zikwi makumi awiri
chikuzungulira mbali imodzi, tsiku lonse,
mchira pa mphuno, mphuno pa mchira,
mpaka madzi nawo aphunzira kuzungulira.
Amakwera pakati kuchokera pansi,
amatayikira m'mbali,
atanyamula nyenyeswa za chakudya ndi ndowe
kukagawira oyandikana nawo.
Ikakwana nthawi yodya, Mwatitha akamwaza timibulu,
gudumu lonse limasweka, phwaa,
ndipo kwa kamphindi nyanja siidziwa kolowera.

Amalume anga a Twaibu ndi siginala.
Zaka makumi atatu akhala akuponya mwala wa pa chingwe
kufunsa madzi kumene akupita
asanauze anyamata kuti chilimira chigwe.
Dzana anandipeza ndikuwamba msana pa mchenga.
Akuti, iwe, kuseri kwa makhola ako
chingwe changa chimangoima chilili
ngati mboni yodyetsedwa ndalama.
Usipa wasamuka njira.
Kampango ndi amene wanenepa,
wakhala mlonda wosalembedwa pansi pa khola.
Ndinati, si anga makholawo, amalume.
Anati, nanga msana wasupukawu ndi wa yani?

Kunabwera mayi wina, Nachisale, wa ku ofesi ya nsomba,
ndi kachipangizo kokhala ndi kapepe kozungulira.
Anakamiza kutsogolo, nalemba.
Anakamiza kumbuyo, nalemba, nagwedeza mutu.
Manambala ake ananena zomwe nthiti zanga
zakhala zikunena chaka chonse popanda wozifunsa.

Ndiye kunadza sabata ija ya Okutobala.
Mwera unagona, mpoto sunadzuke,
nyanja inangoti phee ngati mafuta m'mbale.
Pa khola lachinayi nsomba zinakwera pamwamba
kukamwa yasa, yasa,
kupempha mpweya kwa ife opanda mphuno za m'madzi.
Tinaola zoyera mimba mabeseni khumi ndi awiri.
Mwatitha sanalankhule mpaka kumtunda.
Mawa lake tinazula anangula,
tinatalikitsa makhola, kuwasemphanitsa ngati mapazi a bakha,
kuti lililonse limweko madzi osatafunidwa ndi linzake.

Lachinayilo tinakolola mwezi watha.
Ndinamira m'menemo lili lopanda kanthu,
ukonde woyera, ndaukwecha ndekha.
Mweza unalowa osagogoda,
unandidutsa m'khwapa, nutuluka mbali inayo
wathunthu, wosatsimphina.
Ndinakhala pakati, mpweya uli m'chifuwa,
ndikuwerenga mpaka makumi anayi.
Pokwera m'pamene ndinazindikira
kuti nthawi yonseyo miyendo yanga
imandizunguliritsa pang'onopang'ono
mbali yomwe ija ya chambo.